Mtengo wochapira paving ku Joni: mawu kwa anyamata a ku Salima amene mwangofika

Abale anga ochokera ku Senga Bay, Chipoka, Lifuwu, Khombedza mpaka kumtunda kwa Benga ndi Dwangwa, amene mwangofika ku South Africa n'kugula kapena kubwereka makina a pressure, ochapira makoma ndi paving (njerwa kapena konkire yoyala pabwalo) ndi madzi amphamvu, tiyeni tikambirane za mtengo umene mukutchula kwa makasitomala. Ine ntchito imeneyi ndinaigwira zaka zambiri ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Pano ndili kwathu ku Salima kuno, koma mafoni sasiya kulira. Amene anakhalitsa akuti ntchito yagwa mtengo. Amene angofika akuti akugwira tsiku ndi tsiku koma mwezi ukatha ya lendi ikuvuta. Madandaulo awiriwa gwero lake ndi limodzi.

Munthu akangotsika basi pa Park Station mutu wake umakhala udakali m'makwacha. Bwana akati, "Ndikupatsa R300 uchape bwalo lonse ndi khoma lomwe," iye mumtima wachulukitsa kale, wapeza ndalama imene kwathu kuno angapalire munda wa munthu masiku angapo asanaigwire. Makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, randi iliyonse imaoneka yonenepa. Koma kachipinda ka ku Diepsloot, Cosmo City, Dunoon kapena Masiphumelele simulipira m'makwacha. Petulo wa makina, thekisi, ufa, eyataimu, zonse ndi randi. Ndalama imene muyenera kuisandutsa makwacha ndi yokhayo yatsala zonsezi zitachoka.

Tiyeni tiiwerengere R300 imeneyo. Boma la South Africa linaika malipiro ochepetsetsa a wantchito pa R28.79 pa ola mu Malichi 2025. Pa mtengo umenewo maola 8 ndi R230 ndi timasenti. Ndiye kuti ngati mwatenga mnzanu wokukokerani payipi ndi kusesa matope, n'kumulipira mwachilungamo, mwatsala ndi R70. Pa R70 imeneyo pachoke ya bakkie kapena Bolt yonyamula makina popita ndi pobwerera, pachoke petulo, pachoke mankhwala. Inuyo mwini ntchito, amene mwaima m'madzi tsiku lonse msana ukuwawa, mwagwira ulere ndipo mwaonjezerapo ya m'thumba. Ambiri saona zimenezi chifukwa ndalama imalowa m'manja madzulo yonse pamodzi, pomwe zowonongazo zimatuluka pang'onopang'ono, ina m'mawa, ina dzulo lake, ina mwezi wamawa.

Ya mwezi wamawayo ndi imene imagwetsa anthu. Makina amatha. Pampu ili ndi ma seal, timphira totseka madzi, amene amadyeka, payipi imaphulika, mfuti yake yopoperera madzi imayamba kudontha, nozo ya kunsonga kwake imakula bowo mphamvu n'kuchepa, injini imafuna oilo watsopano. Mukasiya injini ikulira nthawi yaitali osakoka mfuti, madzi amangozungulira m'pampu momwemo n'kutentha, ma seal n'kupsa. Aliyense wa kunyanja amamudziwa mayi wa geni amene amaoda usipa pa Senga Bay n'kukagulitsa ku Lilongwe osawerengera ya transipoti ndi chiphaso cha msika: ndalama zimaoneka zikulowa, koma akudya mpamba, ndipo tsiku lina amangopezeka alibe yokaodera. Mpamba wanu ndi makinawo. Pa ntchito iliyonse payenera kuchoka kandalama kosakhudzidwa, koti tsiku limene pampu ifa mupite kukagula ina osayamba mwaimbira mnzanu kupempha ngongole.

Pa makina pomwepa pali chinthu china chimene obwera kumene sachilingalira. Timakina tamagetsi ta m'nyumba, monga Kärcher K2, timatulutsa madzi pafupifupi malita 6 pa mphindi. Anatipangira munthu wochapa galimoto yake Loweruka, osati woti azitiliza kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Makina a petulo amene amakhala ndi injini ngati Honda GX amatulutsa madzi owirikiza kawiri kapena kuposa, ndipo mukamangirira chimbale chija chozungulira chimene timati surface cleaner, bwalo limene kamakina kakang'ono kangachape masiku awiri limatha nkhomaliro isanakwane. Ndiye mukamva kuti mkulu wakutiwakuti amatchula mtengo wakuti pa sikweya mita, muyambe mwafunsa kuti iye amatenga maola angati. Inu ndi kamakina kanu mukatsika pansi pa mtengo wake pa bwalo lalikulu lomwelo, mwadzimangirira masiku awiri pa ndalama yosakwana ya theka la tsiku. Ngati makina ali aang'ono, sankhani ntchito zazing'ono: khonde, masitepe, mipando ya panja, mbali mwa dziwe losambiramo. Magetsinso musawaiwale. Amene analiko mu 2023 akudziwa mmene kuzimazima kwa magetsi kunkaimitsira ntchito pakati, munthu n'kukhala pansi maola angapo makina ali zii.

Musatchule mtengo poona chithunzi cha pa WhatsApp. Chithunzi chimabisa kona ya kuseri, chimabisa mafuta a galimoto amene analowerera mu paving, chimabisa kuti mpopi uli kutali kapena madzi ake amangodontha. Pitani mukaone ndi maso. Tengani tepi muyeze mulitali ndi mulifupi, muchulukitse, mudziwe masikweya mita. Yang'anani mtundu wa litsiro: fumbi la Gauteng la m'nyengo yozizira limachoka msanga, koma ndere zakuda za ku Cape Town, kumene mvula imagwa mu Juni mpaka Ogasiti, zimafuna mankhwala a chlorine ndi nthawi yodikira kuti zife, apo ayi zimabwereranso posachedwa ndipo dona amati simunachape bwino. Yang'anani kumene madzi akuda adzapita. Ngati akulowera ku dziwe losambiramo kapena ku maluwa, mudzakhala ndi ntchito yotchinga ndi kukokolola, ndipo imeneyonso ndi ntchito ya ndalama. Paving ya njerwa imakhala ndi mchenga m'mipata mwake. Madzi amphamvu amauchotsa, ndipo mukapanda kubwezeramo wina pakauma, njerwa zimayamba kugwedera ndipo udzu umamera. Mchengawo ngogula, komanso umafuna kuti mubwerenso tsiku lina. Muuzeni mwini nyumba zimenezi musanayambe, ndipo zilowe mu kotesheni.

Khalaninso ndi mtengo wanu wapansi, woti ngakhale kantchito kachepe bwanji simunyamula makina pansi pa pamenepo. Bakkie sitchipa chifukwa choti khonde ndi laling'ono.

Mankhwala ndawatchula, ndiye ndichenjezeretu. Chlorine, kaya Jik kaya HTH ya m'dziwe, musaisakanize ndi pool acid kapena mankhwala ena a asidi. Imatulutsa mpweya woipa umene umaotcha m'mapapo. Magolovesi, magalasi ndi gamubutu nazo zimagulidwa, ndipo pa R300 ija mulibe malo ake. N'chifukwa chake mumaona anyamata akuchapa atavala masilipasi, madzi oti akhoza kung'amba khungu akudutsa pafupi ndi zala.

Nanga mukawononga, alipira ndani? Nozo yofiira imaponya madzi ngati singano, ndipo imasiya mizere pa konkire imene siichoka. Yachikasu ndi yobiriwira ndi zimene zimagwira ntchito zambiri, yoyera ndi ya malo osalimba. Ngakhale zili choncho penti imasupuka, matabwa a deck amatuluka ubweya, madzi amalowa m'mawindo, m'magetsi a panja, ngakhale mu mota ya geti. Makampani amene mumati amadulitsa aja mtengo wawo uli ndi inshulansi mkati. Inu mulibe inshulansi, ndiye chokutetezani ndi kusamala komanso kandalama kapadera. Yesani kaye pa kona yobisika mwini wake akuona, ndipo jambulani malo onse musanathire dontho, kuti mng'alu umene unalipo kale usadzakhale wanu.

Denga ndiye lisamakhale pa mtengo umodzi ndi pansi. Matailosi onyowa amaterera ndipo amasweka mukaponda pakati pake. Komanso pali madenga amene simuyenera kuwakhudza n'komwe. Nyumba zambiri zakale zili ndi denga la asbestos, lija lotuwa lokhala ngati malata a simenti. South Africa inaletsa asbestos mu 2008, ndipo malamulo a 2020 salola kuchapa madenga amenewa ndi madzi amphamvu. Madziwo amamasula timaulusi tosaoneka, tikauma timauluka, munthu n'kutipuma, ndipo matenda ake amadzaoneka patapita zaka makumi, muli kwathu kuno kale, ana akudabwa kuti bambo akutsokomoleranji. Mwini nyumba amene makampani amukana amafunafuna mlendo wosadziwa woti avomere motchipa. Ikhale ndalama yochuluka bwanji, kanani.

Madzi nawo ali ndi malamulo. Makina otulutsa malita 15 pa mphindi amamwa malita 900 pa ola limodzi. Ku Cape Town mu Febuluwale 2018, nthawi ya chilala chija, munthu ankaloledwa malita 50 okha pa tsiku, ndipo ntchito yathu inatsala ya okhawo amene anali ndi thanki ndi madzi a pachitsime. Ku Johannesburg nakonso khonsolo imakhala ndi nyengo yoletsa kutsuka paving ndi payipi ya madzi a mumpopi. Funsani lamulo la kumene muli, ndipo gwirizanani ndi mwini nyumba kuti madzi ndi a ndani. Mukanyamula anu, amenewo ndi mtengo wina.

Tsopano chimene chimandiwawa kwambiri. Mtengo umene mwatchula pa nyumba imodzi sukhala pa nyumba imodziyo. Misewu ya m'masabebu ili ndi magulu a WhatsApp, ndipo dona akangolemba kuti pali mnyamata wa ku Malawi amachapa bwino pa R300, msewu wonse wamva. Mawa m'bale wanu wa ku Linga, amene wakhala akuchapa msewu umenewo zaka ndi zaka pa mtengo woyenera, auzidwa kuti akuba. Inunso chaka chamawa mukafuna kukweza, akuonetsani uthenga wanu womwe. Amalawi timakondedwa kumeneko chifukwa cha ulemu ndi kukhulupirika, ndipo anthu ena amapezerapo mwayi podziwa kuti sitikonda kukangana ndi wamkulu. Ulemu usungeni, koma mtengo utchuleni momveka maso muli tunganu. Akati wakwera, musatsitse ndalama ntchito ili yomweyo. Nenani kuti, "Pa ndalama imeneyo ndichapa driveway yokha, khoma likhala la ulendo wina." Akakana, thokozani n'kumapita. Tsiku limene mwakhala osagwira silinakudyereni petulo.

Eni dziko amene amagwira ntchito yomweyi nawonso amaona. Amene tinaliko pa ziwawa zochitira alendo mu Meyi 2008 ndi mu Epulo 2015, pamene boma lathu linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu, tinamva mawu akuti alendo amalanda ntchito potchipitsa. Palibe chifukwa chomenyera munthu kapena kumuotchera nyumba. Koma musapatse anthu a mtima woipa ponamizira.

Nanu achimwene amene munakhalitsa, mbali ina ya vutoli ndi yanu. Mnyamata akakufunsani kuti bwalo lotere mumatchula zingati, mumaseka n'kusintha nkhani poopa kuti akulandani makasitomala. Ndiye akayambire pati? Amangotchula imene yamubwerera m'mutu. Muuzeni mtengo wa dera lanu, mutengeni agwire nanu miyezi ingapo mukumulipira bwino, aone mmene mumayezera ndi mmene mumayankhulira ndi bwana. Ine sindilemba mtengo wa sikweya mita pano chifukwa wa ku Sandton si wa ku Lenasia, wa ku Constantia si wa ku Bellville. Wodziwa wa dera lanu ndi amene ali komweko.

Ndipo inu makolo ndi alongo athu amene ndimakumana nanu pa Kamuzu Road mukudikira ya Mukuru, mwana akangofika musamuyambe ndi mafoni a feteleza ndi fizi sabata yoyamba. Ambiri amavomera ntchito yoluza chifukwa mayi aimba katatu ndipo akuchita manyazi kunena kuti sizinayambe kuyenda. Mupatseni mpata aime kaye.

Za mapepala ndinene mosabisa. Pasipoti ya Malawi imakulowetsani masiku 30 ngati mlendo, ndipo masiku amenewo sakupatsani chilolezo chogwira ntchito. Mukapitirira, potuluka amakuletsani kulowanso chaka chimodzi, kapena zaka 5 ngati mwapitirira ndi masiku oposa 30. Pali makasitomala amene akadziwa kuti munthu alibe pemiti amamudula ndalama ntchito itatha, podziwa kuti sakadandaula kulikonse. Choncho musayatse makina musanagwirizane molemba. Tumizani uthenga pa WhatsApp wonena malo amene muchape, masikweya mita, ngati mchenga ndi mankhwala zilimo, ndalama yonse, ndi kuti yotsala ilipidwa tsiku lomwelo musanapakire makina. Dikirani ayankhe kuti wavomera. Pa ntchito yaikulu yofuna kuti mugule mchenga kapena mankhwala, pemphani dipoziti yokwanira zinthu zimenezo, ndipo musungire malisiti oti mumuonetse.