Kuyankha a Malume za kamyuziyamu ka ana kaja

Malume, mwaswera bwanji uko ku Johannesburg? Pepani ndajambula mawu, kulemba ndikanachedwa, ndili pa depoti muno mu Mzuzu ndipo kamvula kaja kayambanso, ndiye mukamva phokoso ndi makondakitala. Mwafunsa pagulupa kuti kanyumba ka zinthu zakale kamene ndimatumiza zithunzi zake kaja akulipirira ndani, kapena ndi azungu, komanso ngati mutatumiza kangachepe kakafikira m'manja mwa yani.

Azungu analipo, sindikana. Anali anthu a mpingo wina wa kunja, anabwera kudzacheza cha ku Ekwendeni, n'kutigulira malata ndi simenti. Tinathokoza, ndipo tikuthokozabe. Koma ndalama yawo inali ndi lamulo lake, yomangira basi. Ya mlonda ayi, ya mankhwala a chiswe ayi. Atajambula zithunzi tsiku lotsegulira anakwera galimoto, mpaka lero timangolandira moni wa pa Khirisimasi. Kuwonjezera apo, bajeti tinalemba kwacha isanagwe. Mukukumbukira mu Novembala 2023 anaitsitsa ndi 44 peresenti? Ndalama imene inkayenera kufika mpaka pa magalasi inathera pa zitseko. N'chifukwa chake pazithunzi mukuona mawindo awiri otseka ndi mphasa.

Zotsalazo ndi anthu a pamudzi, Malume. Malo anapereka ndi a gulupu, osalipiritsa. Njerwa anaumba anyamata a mpira, amayi n'kumatunga madzi ku dambo, uvuni tinaotcha usiku uwiri. Mlonda panopa akulipidwa ndi amayi a banki m'khonde. Akakumana amaika padera kenakake, mwezi wina zimakwana, mwezi wina bamboyo amalandira ndowa ya chimanga. Sadandaula kwambiri, koma ine zimandichititsa manyazi.

Chimene ndikufuna mudzaone ndi maso anu ndi Loweruka m'mawa. Kuli gogo wina anabweretsa mphero yake, mwala uja woperera mawere, wosalala pakati ngati mbale chifukwa cha zaka. Poupereka ananena kuti akauika pa shelefu kuti ana azingouyang'ana, aunyamula kubwerera nawo. Ndiye Loweruka lililonse amabwera ndi mawere m'kachitenje, amagwada, ana amapera mosinthana, iye akuwakalipira m'Chitumbuka kuti akumwaza ufa. Kamnyamata kena ka sitandade 3 kanafunsa kuti magetsi ake amalowera pati. Gogoyo anaseka mpaka kutsokomola. Mulinso mtondo, lichero, simbi ya makala, nyali ya koloboyi, chishango cha ingoma chimene banja lina la ku Mzimba linatibwereka, ndi magalimoto a waya amene ana amapanga okha n'kusiya pomwepo. Chilichonse mwana amaloledwa kugwira, kupatula mkondo.

Musatiyerekeze ndi nyumba za zinthu zakale zikuluzikulu zija. Ya muno mu Mzuzu, imene inatsegulidwa mu 1986, ndi ya boma, ogwira ntchito ake amalandira malipiro. Ya ku Karonga, kuja kuli mafupa a Malawisaurus, chinyama chachikulu cha makedzana, anaitsegula mu 2004 ndi thandizo la European Union. Ife tili ndi kabokosi ka zopereka pakhomo ndi buku la alendo, basi. Sukulu zikabwera sitikhazikitsa mtengo, aphunzitsi amasiya zimene ana asonkha. Tsiku lina tinapeza m'kabokosimo mazira awiri okutira m'pepala.

Mdani wathu weniweni ndi nyengo ya kuno, mukuidziwa. Chinyezi. Madengu amachita nkhungu, chikopa cha ng'oma chimalefuka, chiswe chinadya kale mwendo wa mpando wa ndalema. Ndiye mukandifunsa ine, musatumize ndalama yambiri kamodzi yoti timangire chipinda china. Chipinda tidzachitani nacho pamene chomwe chilipochi tikulephera kuchisamala? Kangachepe mwezi ndi mwezi ndiye kangatithandize, ka mankhwala a chiswe, ka mlonda, kenako magalasi awiri aja.

Za m'manja mwa yani, musatumize pa foni yanga, ngakhale ndine mphwanu. Tinapsa kale. Poyamba ndalama zinkasungidwa ndi munthu mmodzi, n'kupezeka kuti ya matabwa yabwerekedwa pamaliro, kubweza kwake kunatenga chaka ndipo anthu awiri salankhulana mpaka pano. Tsopano komiti ili ndi akaunti ku banki, osainira ndi atatu, ndipo msungichuma amawerenga malisiti mokweza pamsonkhano pamaso pa a nyakwawa. Nambala yake ndikutumizirani kumbali, osati pagulu pano.

Ndisanaiwale, pali china chimene ndikupempha kwa inu monga mwini mbumba, ndipo si ndalama. Bokosi lachitsulo la agogo aamuna lija, limene anabwera nalo ku migodi nthawi ya Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito ya ku migodi ya ku Joni, likungochita dzimbiri kuseri kwa nkhokwe. M'katimo muli chipewa chawo cha mumgodi ndi kabuku kawo ka ntchito. Ana a kuno sadziwa n'komwe kuti azigogo awo ankakwera ndege kupita ku migodi mpaka Kamuzu ataletsa mu 1974, ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi itagwa ku Francistown, ku Botswana. Amangodziwa mabasi amene mumakwera inuwa. Amayi akuti iwo sangalole okha popanda mawu anu. Tilemba kuti mwatibwereka, osati kutipatsa, mukadzalifuna mudzalitenga. Ndiye muganizire, mundiyankhe Lachisanu lisanafike chifukwa komiti ikumana Loweruka.

Minibasi yadzaza, ndatsala ndine. Mupereke moni kwa azakhali ndi ana.