Labotale mulibe, koma chingwe ndi mwala zilipo

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mphunzitsi amene wangopatsidwa kumene kalasi ya sayansi ya ana a zaka 11 mpaka 13. Walemba kuti: "Mutu woyamba ndi wa ntchito ya asayansi ndi luso lofufuza. Ndinalemba ndondomeko yonse ya kafukufuku pabolodi, ana analoweza, mayeso anakhoza. Koma nditawauza kuti abweretse funso lawo loti tifufuze, kalasi yonse inangoti zii. Labotale tilibe. Ndipange bwanji?"

Aphunzitsi, zikomo polemba. Anawo sanalakwe kanthu. Munawapempha kuloweza, iwo analoweza. Kungoti mwana akhoza kunena pamtima kuti "kafukufuku amayamba ndi funso" pamene iye mwini sanakhalepo ndi funso lomusowetsa mtendere. Ndiye ndondomekoyo muyambe mwaifufuta, ibweranso pambuyo pake.

Mawa mulowe m'kalasi ndi chingwe, miyala iwiri yosiyana kulemera, rula ndi wotchi, ya pafoni imakwana. Mangani mwala kunsonga ya chingwe, muulendeweretse, muukokere pambali pang'ono n'kuusiya kuti uziyenda ngati katungwe. Kenako funsani: tichite chiyani kuti uzipita ndi kubwerera mofulumira? Apa zii sipakhalanso. Wina anena kuti timange mwala wolemera, wina kuti tiukokere kutali, wina kuti tifupikitse chingwe. Lembani zonse, musagwedezere mutu yankho lililonse. Mwana aliyense alembe m'kope zimene akuganiza kuti zichitika, ndi chifukwa chake, asanakhudze chingwe.

Ambiri adzakhulupirira mwala wolemera, ndipo akayesa adzadabwa, chifukwa nthawi sisintha kwenikweni. Chimene chimalamulira ndi kutalika kwa chingwe. Cha mita imodzi chimatenga pafupifupi masekondi 2 kupita ndi kubwerera, cha masentimita 25 pafupifupi sekondi imodzi, bola osakokera mwalawo kutali kwambiri. Galileo Galilei, wasayansi wa ku Italy, anafufuza zimenezi zaka zoposa 400 zapitazo, ndipo ana anu akhoza kuzipeza okha m'phunziro limodzi.

Koma golide wa phunziroli ali m'mikangano. Kuyeza ulendo umodzi n'kovuta, chala chimachedwa pawotchi, choncho asiyeni avutike mpaka wina aganize zowerenga maulendo 10 n'kugawa. Gulu lina lipeza masekondi 19, lina 21, ndipo ayamba kulozana zala. Afunseni kuti tikhulupirire ndani. Iwo eni adzafika poti tibwereze katatu. Padzapezekanso gulu limene posintha mwala lafupikitsanso chingwe pomanga mfundo, n'kulengeza monyadira kuti wolemera ndiye wathamanga. Musawadzudzule inu. Itanani gulu lina lidzayang'ane chingwecho ndi rula. Mwana amene wagwidwa motero saiwalanso kuti posiyanitsa zinthu timasintha chimodzi chokha, zina zonse n'kukhala momwe zinalili.

Ndikudziwa kuti belu likamayandikira pakamwa pamayabwa kuti mungonena yankho. Ndikupempheni, dzigwireni. Mukangolinena, zonse zimene ayeza zimasanduka zopanda ntchito m'maso mwawo.

Luso lina ndi losiyanitsa zimene waona ndi zimene ukuganiza. Agawe tsamba pakati, mbali ina "ndaona", ina "ndikuganiza". "Masamba a chomera ichi asanduka achikasu" ndi zoona ndi maso. "Chikusowa madzi" ndi ganizo, ndipo mwina chathiriridwa mopitirira muyeso. Ana amasakaniza ziwirizi kwambiri, akuluakulufenso chimodzimodzi.

Pa za ntchito ya asayansi, auzeni ajambule wasayansi ali pa ntchito. Ambiri ajambula bambo wovala chovala choyera ali yekhayekha ndi mabotolo. Mukatero muwafotokozere za dokotala wina dzina lake John Snow. Mu 1854 kolera inapha anthu mazanamazana m'dera la Soho ku London, ndipo ambiri panthawiyo ankati matendawa amabwera ndi mpweya woipa. Snow anayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene omwalirawo ankatunga madzi, ndipo anapeza kuti imfa zinaunjikana mozungulira mjigo wa mu Broad Street. Akuluakulu a deralo anachotsa chogwirira cha mjigowo. Zida za Snow zinali miyendo, mafunso, kuwerenga ndi mapu. Muwauzenso za Jane Goodall, amene mu 1960 ku Gombe, m'dziko la Tanzania, anaona chimpanzi, mtundu wa anyani akuluakulu, chikulowetsa kaudzu m'chulu n'kutulutsa chiswe, pamene anthu ankaganiza kuti kupanga zida ndi kwa munthu yekha. Iye anakhala miyezi akungoyang'ana ndi kulemba. Ana aone kuti asayansi ena amayesa, ena amayang'anitsitsa, ena amawerenga manambala, koma onse amafunsidwa funso limodzi ndi anzawo: umboni wako uli kuti?

Tibwerere ku funso limene anakanika kubweretsa. Mafunso a ana amayamba ndi "chifukwa chiyani", ndipo ndi abwino, koma ambiri sayeseka m'kalasi. Athandizeni kuwatembenuza. "Chifukwa chiyani mbewu zimamera?" likhale "Kodi mbewu zimamera msanga pamdima kapena powala?" "Chifukwa chiyani madzi amauma?" likhale "Amayamba kuuma ndi ati, a m'mbale yotambalala kapena a m'kapu?" Akatembenuza atatu kapena anayi pamodzi ndi inu, otsalawo azichita okha.

Chinthu chimodzi ndimachilimbikira kwambiri: pochonga, musachotsere malikisi mwana amene ganizo lake loyamba lapezeka lolakwa. Mukatero, ulendo wotsatira adzafufuta zimene analemba, kapena adzasintha manambala kuti agwirizane ndi buku. Perekani malikisi kwa amene walemba moona zimene wapeza, wabwereza kuyeza, ndiponso wafotokoza chimene chamusinthitsa maganizo.

Pakatha masabata awiri kapena atatu, afunseni kuti pa nkhani ya chingwe ija tinayamba ndi chiyani, kenako tinatani. Lembani pabolodi m'mawu awo, kenako atsegule buku ayerekeze ndi ndondomeko imene analoweza ija. Mudzandilemberenso, ndikufuna kumva mafunso amene abweretse.