Mwana wanu akati "oloriburuku" akutanthauza chiyani?

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti kunyumba kwawo tchanelo cha Africa Magic Yoruba sichizima, ndiye tsiku lina anamva mwana wawo wamkulu akukalipira mng'ono wake kuti "oloriburuku!" Akufunsa tanthauzo la mawuwa, komanso chifukwa chake anthu m'mafilimu a Chiyoruba (chilankhulo cha Ayoruba a ku Nigeria) amangokhalira kutukwanana. Kodi awaletse ana kuonera?

Mayi, tiyambe ndi mawuwo. Ori ndi mutu, buruku ndi choipa. Koma kwa Ayoruba mutu si chigaza chokha. Amakhulupirira kuti ori ndi gawo la moyo limene munthu anasankha asanabadwe, limene limamutsogolera mpaka kumanda. Ndiye kumuuza munthu kuti ndi oloriburuku ndi kumuuza kuti anabadwa ndi tsoka ndipo chilichonse chimene angagwire chidzamuphulika m'manja. Mawu apansi pa filimu amangolemba kuti chitsiru, koma chitsiru chenicheni amati ode, wamisala amati were. Awo ndi opepuka.

Chimene ndikufuna muzimvetsera ndi kusiyana kwa eebu ndi epe. Eebu ndi kunyoza kapena kutukwana, zija za amayi awiri apanyumba zalendi akulimbirana chingwe choyanikira zovala: wina akuomba m'manja, wina akumanga mpango m'chiuno, anthu aunjikana akuseka. Mafilimuwa anachokera ku magulu a zisudzo oyendayenda, monga la Hubert Ogunde limene linayamba m'zaka za m'ma 1940, ndipo pabwalo wosewera wopanda pakamwa ankagonetsa anthu tulo. Luso la lilime lija analowa nalo m'kamera. Anthu omwewa ali ndi oriki, ndakatulo zotamanda munthu ndi mtundu wake, choncho pakamwa pomwe pamadziwa kukweza munthu pamadziwanso kumugwetsa.

Epe ndi nkhani ina. Ndi temberero, ndipo m'filimu silipita pachabe. Mukaona mayi wokalamba wasiya kukuwa, watsitsa mawu, wagwira bere limene anayamwitsira mwana wake n'kunena kuti "ko ni daa fun e", kutanthauza kuti sizidzakuyendera bwino, dziwani kuti filimu yonse yagona pamenepo. Bizinesi ya mnyamatayo igwa, ukwati utha, mpaka adzabwere kudzagona chafufumimba pamapazi a mayi ake. Ena amaitana Sango, mulungu wa mphenzi, kapena Ogun wa zitsulo. Ine, kunena zoona, zimandichititsa nthumanzi kuposa zigawenga zamfuti.

Palinso kanthu kamene ife Achewa timakamva msanga. Chiyoruba chimasiyanitsa mawu akuti "iwo" ndi "eyin" monga momwe ife timasiyanitsira iwe ndi inu. Mtsikana akamuitana apongozi ake ndi mawu a iwe, watukwana kale ngakhale sanatchule chiwalo chilichonse. Mawu achingerezi apansi aja sangathe kuonetsa zimenezi, n'chifukwa chake nthawi zina mumadabwa kuti khofi uja wachokera pati.

Za kuletsa ana, ine sindingatseke tchanelocho. Ndingamukhazike pansi mwanayo n'kumufunsa ngati akufunadi kuti mng'ono wake akhale watsoka moyo wake wonse, poti ndi zimene ananenazo. Mafilimu okhala ndi asing'anga ndi matemberero ambiri muziwaonera iwo atagona.