Mwana wanga ali pa community college, kodi UCLA kapena Harvard angamutenge?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena okhala ku Los Angeles. Mwana wawo wamkazi watha chaka chimodzi pa community college, GPA yake (avereji ya magiredi, imene imalekezera pa 4.0) ndi 3.7, akufuna kudzaphunzira za chuma, ndipo mtima wake uli pa UCLA, yunivesite ya boma ya ku Los Angeles konko. Bambo ake akuti ayesenso Harvard. Mayiwo akufunsa kuti: kodi mwayi ulipo, kapena tikungodzinamiza? Anawonjezeranso kuti achibale kumudzi akumaseka, ati mwana anapita ku America kukalowa sukulu ya olephera.

Mayi, zikomo polemba. Za achibalewo ndisataye nazo nthawi. Kwathu tikamva community college timaganiza za makoleji a ntchito zamanja, ukalipentala, zomangamanga ndi kuwotcherera. Ya ku California ndi ina: mwana amaphunzirako zaka ziwiri zoyambirira za digiri, kenako n'kusamukira ku yunivesite kukamaliza ziwiri zotsalazo. Pepala limene adzalandire pomaliza silidzasiyana ndi la mnzake amene anayambira komweko. Dongosololi boma la California linalikhazikitsa dala mu 1960, ndipo lero makoleji oterewa alipo 116.

Tsono mayina awiri mwatchulawa musawaike m'dengu limodzi.

Harvard imatenga ana osamuka ochepa zedi, khumi ndi angapo basi pa chaka, pamene ofunsira malo amapitirira 1,000. Chifukwa chake n'chosavuta: ana awo sachoka, ndiye mipando yopanda munthu kulibe. Princeton inachita kutsekeratu khomoli mu 1990 n'kudzalitsegulanso mu 2018, ndipo chaka chimenecho inatenga 13 okha. Ngati bambo ake ali ndi ndalama yolipirira fomu, ayese, palibe choletsa. Koma mwana asagone tulo poyembekezera kumeneko.

UCLA ndi nkhani ina. M'zaka zaposachedwapa, mwa ana ochokera ku sekondale imatenga pafupifupi mmodzi pa khumi aliwonse, koma mwa osamuka imatenga pafupifupi mmodzi pa anayi kapena asanu. Ndipo ambiri mwa osamukawo, oposa asanu ndi anayi pa khumi, amachokera m'ma community college a ku California konko. Kunena kwina, mwana wanu waima pakhomo lotakasuka kuposa limene anzake a ku sekondale anakanganirana. Berkeley, yunivesite inzake ya boma la California, nayonso zake n'zofananirako.

Koma "mmodzi pa anayi" ameneyu asakunyengeni, chifukwa UCLA sisankha mwana mwachisawawa, imasankha malinga ndi major (phunziro lalikulu la digiri) imene wapempha. Ofuna history kapena philosophy mpikisano wawo ndi wochepa. Ofuna computer science, unamwino kapena business economics amapanikizana ngati pa depoti madzulo a Lachisanu. Za chuma zili mbali yothinayo, ndipo ambiri otengedwa kumeneko GPA yawo imayandikira 4.0. Choncho 3.7 si yoipa, koma ndikanakhala ine sindikanaidalira yokha. Malamulo a UC (University of California, gulu la mayunivesite limene UCLA ilimo) amati 2.4 ikukwanira kwa wokhala ku California ndi 2.8 kwa ochokera kunja, koma imeneyo ndi yongokulolani kupereka fomu.

Chimene chimagwetsa ana ambiri si GPA ayi, ndi makosi. Usiku uno mukhale naye pansi mwanayo, mutsegule ASSIST.org pa kompyuta. Musankhe koleji yake, musankhe UCLA, musankhe major. Patuluka mizere iwiri: kumanzere kosi imene yunivesite ikufuna, kumanja kosi ya pa koleji yake yolingana nayo. Muwerenge mzere ndi mzere, cholembera chili m'manja. Ndikunena izi chifukwa mwana wa mnzanga wina anapsa nazo. Anatenga masamu osavuta pofuna kuteteza GPA, alangizi a pasukulu pake osamuchenjeza, n'kudzazindikira mu Novembala, fomu ili patsogolo pake, kuti major yake imafuna calculus ya magawo awiri. Chaka chathunthu chinapita. Mayi ake analira pafoni, ine kusowa chonena.

Kupatula makosi a major, pamafunika mayuniti 60 a semesita (kosi iliyonse imakhala ndi mayuniti ake) ovomerezeka ndi UC, kuphatikizapo makosi awiri a kulemba Chingerezi ndi imodzi ya masamu. Asazisiyire kumapeto zimenezi. Ngati koleji yake ili ndi pulogalamu ya honors yogwirizana ndi UCLA, imene amaitcha TAP, alowe, chifukwa omaliza pulogalamuyi amawaganizira mwapadera.

Palinso china chimene ndimadabwa kuti makolo ambiri sachidziwa. Masukulu asanu ndi limodzi a UC, omwe ndi Davis, Irvine, Merced, Riverside, Santa Barbara ndi Santa Cruz, ali ndi TAG: mwana akakwaniritsa GPA ndi makosi amene anena, malo ake ndi otsimikizika. Fomu yake imaperekedwa mu Seputembala, ndipo amaloledwa kusankha sukulu imodzi yokha. Berkeley, UCLA ndi San Diego mulibe mu TAG, komanso ma major ena otchuka masukulu ena amawachotsamo, ndiye aone kaye ngati yake ilimo. Kutenga TAG sikumuletsa kufunsira ku UCLA. Fomu yaikulu ya UC imatsekedwa kumapeto kwa Novembala, ndipo fomu imodzi yomweyo imapita ku masukulu onse amene wasankha. Ine ndingamuuze kuti atenge TAG ya Santa Barbara kapena Davis, aike m'thumba, kenako akagogode ku UCLA mtima uli m'malo.

Pa fomuyo palinso mafunso anayi oyankha m'mawu osapitirira 350 lililonse, ndipo limodzi n'lokakamiza: wakonzekera bwanji major yako? Apa asalembe zokometsera. Ngati amagwira ntchito m'sitolo maola 20 pa sabata, kapena ndiye amawerengetsera banja ndalama zotumiza kumudzi, alembe zimenezo. Mayeso olowera ku yunivesite a SAT safuna.

Simunanene za mapepala anu okhalira m'dzikomo, koma nkhaniyi ndi yaikulu. Wowerengedwa kuti ndi wokhala ku California amalipira $46 pa yuniti ku community college, ndipo akafika ku UC angapeze thandizo la boma. Ku UC, wa viza ya ophunzira ya F-1 amawonjezera ndalama zoposa $30,000 pa chaka pamwamba pa fizi ya aliyense, ndipo thandizo lake ndi lochepa kwambiri. Ngati mwana wanu ali m'gulu lachiwirili, mundilemberenso msanga, chifukwa mndandanda wa masukulu oti ayese usintha. Ayang'anenso sikolashipu ya Jack Kent Cooke Foundation, imene ndi ya ana osamuka kuchokera ku community college okhaokha ndipo imafika $55,000 pa chaka.

Mundipatsireko moni mwanayo, ndipo mumufunse ngati calculus anayamba kale.