Achemwali a ku Kasungu, chithunzi cha chiphasocho musatumize

Imelo yanu ndinaiwerenga Lachiwiri usiku nditatseka shopu, ndipo tulo tinandithawa. Mwati kwa miyezi itatu mwakhala mukucheza pa Facebook ndi bambo wina amene akuti amagwira ntchito pa sitima ya pamadzi ku Ulaya. Sanakupempheniko ngakhale tambala, koma tsopano akufuna chithunzi cha chiphaso chanu cha unzika kuti akutumizireni mphatso. Mukufunsa kuti mudziwa bwanji ngati ali munthu weniweni kapena kathyali. Pomaliza mwalemba kuti, "Chonde musandiseke."

Sindingakusekeni achemwali. Ine amene mukundifunsa nzerune ndinaberedwa K410,000 mwa njira yomweyi, ndipo ndinatha chaka chathunthu osauza munthu aliyense.

Ndimagulitsa zitenje pa boma pano pa Mchinji, ndimakaoda ku Chipata kudzera pa boda ya Mwami. Bambo a ana anga anapita ku Joni mwana wachiwiri ali kumsana. Zaka ziwiri zoyamba ankatumiza kangachepe, kenako kunangoti zii, mpaka ndinamvera kwa anthu kuti anakwatira komweko. Masana pa msika sumva kanthu, pali makasitomala, pali phokoso la akabaza, pali anzako oseka nawo. Koma ana akagona, iwe n'kukhala wekha pa mphasa ukuwerengera ndalama za tsikulo, palibe wokufunsa kuti wayenda bwanji, ndi pamene mtima umafewa ngati dothi la m'dambo. Akubawa amaidziwa nthawi imeneyi kuposa abale athu.

Wanga sanabwere ndi nkhope ya mzungu ayi. Anthu ambiri amaganiza kuti wakuba wa pa intaneti ndi uja wovala yunifolomu ya usilikali wa ku America, wolemba Chingelezi chokhotakhota. Uyu anali Mmalawi, kapena ndinene kuti ankayankhula Chichewa chathu chenicheni, cha miyambi yomwe. Anati kwawo ndi ku Ntchisi, amawotcherera zitsulo ku Cape Town, mkazi wake anamwalira. Nambala yake inali yoyamba ndi +27. Ankanditchula ndi dzina la mwana wanga woyamba monga mwa ulemu wa kwathu, ndipo m'mawa uliwonse ndikatsegula foni ndinkapeza moni wake atafika kale. Mwana atadwala chifuwa, anafunsa za iye masiku anayi otsatizana, chinthu chimene bambo ake omubereka sanachitepo. Lamulungu ankatumiza vesi. Kawiri konse anandigulira bandulo. Za bandulozi mumvetse bwino, chifukwa inu mwalimba mtima poti wanuyo sanapemphe kanthu: msodzi amayamba wataya nyambo, ndipo saidandaula.

Ndikati tiyimbirane pa vidiyo, kamera inali yosweka. Tsiku lina abwana saloleza. Tsiku lina magetsi azima, ndipo poti tonse tinkamva kuti ku South Africa nako magetsi akuvuta, ndinkangoti n'zoona.

Mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mpamba wanga unasungunuka ndikuona. Ndalama imene ndinkaodera zitenje zodzaza chikwama inayamba kubweretsa theka. Ndinamudandaulira, monga mmene umadandaulira munthu wako. Patangotha sabata anati wandigulira makina osokera, kafiriji ndi mafoni awiri oti ndigulitse, ndipo wapatsira transporter wobwera kumudzi. Anatumiza chithunzi cha makatoni, dzina langa litalembedwa pamwamba ndi inki yakuda, pansi pake MCHINJI BOMA. Ndinachiyang'ana chithunzicho usiku wonse. Ndinasesa ngakhale pakona poti firijiyo idzakhale.

Kenako inalira foni, nambala ya konkuno. "Amayi, ndine transporter, tili pa boda ya Dedza, katundu wanu amugwira, pakufunika K85,000 ya msonkho. Chitani changu, anzanu onse alipira, mukutichedwetsa ndinu."

Ndinathamangira kwa ejenti, mtsikana wina amene amakhala pansi pa ambulera pafupi ndi shopu yanga. Atalowetsa nambala, anaima kaye, n'kunditembenuzira foni kuti ndione. Dzina limene linatuluka linali la munthu wamkazi. Anati, "Amayi, dzina ili mukulidziwa?" Ndinamuyankha mwaukali kuti atumize, ndalama ndi zanga. Anatumiza ali chete, n'kundipatsa buku kuti ndisayine. Mawa lake galimoto inali yawonongeka pa Linthipe. Mkuja wake apolisi akuti apeza mafoni aja alibe mapepala. Ulendo wachitatuwo ndinakwera kabaza kupita kwa ejenti wina kutali, kuti mtsikana uja asandione. Pamenepo ndi pamene pamandipweteka mpaka lero, chifukwa zikusonyeza kuti mtima wanga unali utadziwa kale. Koma ukaponya kawiri, umaopa kuti ukasiya ndiye kuti zoyamba zija zapitadi. Ndalama yomaliza ndinakakongola ku banki m'khonde, ndinanama kuti ndikukaoda katundu wa Khirisimasi.

Zitandithera, ndinamuuza kuti andipatse nambala ya m'bale wake aliyense wa ku Ntchisi, ndikwere basi ndikaonane naye. Anawerenga. Madzulo ake chithunzi chake chinachoka pa WhatsApp, uthenga wanga n'kumangoonetsa kachizindikiro kamodzi.

Tsono ndinene chimene ndimakhulupirira, ndipo pa ichi sindisuntha. Munthu wopanda mudzi si munthu woti umupatse mtima. Kwathu kuno mwamuna akafuna mbeta amafunsidwa kuti kwanu n'kuti, mfumu yanu ndani, atsibweni anu ndani, ndipo ankhoswe amakumana maso ndi maso asanamange kanthu. Achinyamata amaziona ngati zachikale zochedwetsa, inenso ndinkatero. Koma unkhoswe ndi sefa. Wabodza sapyola pamenepo, chifukwa bodza la munthu mmodzi n'losavuta, koma kunamizira mudzi wathunthu, malume, mpingo ndi manda a mkazi amene ukuti anamwalira, n'kovuta. Ine ndinacheza ndi munthu miyezi isanu osayankhulapo ndi m'bale wake ngakhale mmodzi, ndipo tsiku limene ndinafunsa m'bale ndi tsiku limene anathawa. Ndikanafunsa sabata yoyamba, akanathawa sabata yoyamba, ndalama zanga zili m'thumba.

Ndipo anandimanga pakamwa mochenjera. Ankati, "Zathuzi musauze anthu, a kwathu ndi ansanje, angatilowe pakati." Ndani wa ife amene sanakule akumva kuti chabwino sulengeza chisanafike? Anatenga mantha athu omwewo n'kuwasandutsa loko. Ngati wanuyo ananenapo mawu ofanana ndi amenewa, kwa ine mlandu watha pomwepo.

Apa ndipatukeko pang'ono, chifukwa zimandiwawa. Mayi akaberedwa chonchi nkhani n'kufika pa Facebook, onani ndemanga zake: dyera, ankafuna za ulele, nkhalamba yosadziletsa. Kuseka kumeneku ndi kumene kumadyetsa akubawa. Woberedwa amabisa, wakuba n'kupita kwa wina ndi chithunzi chomwecho cha makatoni, kungosintha dzina. Ndipo asatinamize kuti ndi amayi okha. Kwanu ku Kasungu konko, msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, abambo angati amene amayamba kulandira moni kwa "atsikana" okongola a ku Lilongwe amene mayi awo adwala mwadzidzidzi? Ena amakopedwa mpaka kudzijambula ali maliseche, kenako n'kuuzidwa kuti akapanda kulipira, vidiyoyo ipita kwa akazi awo ndi ku gulu la mpingo. Bambo wotero amagulitsa ng'ombe mwakachetechete, mabelo a chaka chonse n'kupita osagula ngakhale thumba la feteleza, ndipo sadzauza munthu mpaka kumanda. Kangapo konse nyuzipepala zalembapo za akaidi ogwidwa ndi mafoni ndi ma SIM ambirimbiri m'ndende, akubera anthu ali m'kati momwemo. Uja ukumuganizira kuti ali pa nyanja ku Ulaya, mwina ali pamtunda wa basi imodzi kuchoka pamene wakhalapo.

Ngongole ya banki m'khonde ndinaibweza miyezi isanu ndi iwiri. Tsiku logawana masheya anzanga akuvina, ine ndinalandira yongokwana sopo ndi mchere. Amene ndinayamba kumuululira ndi mtsikana wa pa ambulera uja. Ndinapita kukamupepesa. Anangoti, "Amayi, simuli nokha, ndimawaona ambiri, koma ndikafunsa amandikalipira." Wakutsina khutu ndi mnansi, ine ndinamuyesa mdani.

Za bambo wanu wa pa sitimayo

Chiphaso musatumize. Kuyambira 2018 nambala za foni m'dziko muno zimalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, ndiye chithunzi chake chili ndi mtengo kwa akuba: angayese kuchigwiritsa ntchito kuti azibera ena m'dzina lanu, ngati mmene ine ndinatumizira ndalama ku dzina la mayi amene mwina sadziwa n'komwe. Mukatumiza, chotsatira ndikuchidziwa kale. Adzakuimbirani wina wodzitcha wa pa bwalo la ndege la Kamuzu, kuti phukusi lanu lafika koma muli ndalama zakunja, mulipire msanga musanamangidwe. Msonkho weniweni wa katundu umalipiridwa ku MRA, bungwe la boma lotolera misonkho, ndipo amapereka lisiti, sautumiza pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu.

Nambala yoyamba ndi +44 isakulimbitseni mtima, WhatsApp imagwira ndi nambala yakunja ngakhale mwini wake ali ku Area 25 ku Lilongwe. Zithunzi zake zilowetseni mu Google Lens, yofufuzira zithunzi pa intaneti, muone ngati sizikutuluka ndi maina ena. Muimbireni pa vidiyo mosamuchenjeza, ndipo akayankha mumuuze atembenuze kamera akuonetseni pamene ali, poti masiku ano nkhope ndi mawu omwe amazipanga pa kompyuta. PIN yanu ndi manambala obwera pa SMS, ngakhale atalira, musamupatse ayi. Ngati pali kena kamene mwatumiza kale koma mwachita manyazi kundiuza, musafufute mauthenga, imbirani kampani ya foni yanu lero lomwe, kenako mupite ku polisi. Lamulo lokhudza milandu ya pa intaneti lilipo, Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016.

Koma musanachite zonsezi, usiku uno tengani foniyo mukhale pansi ndi munthu mmodzi amene amakukondani, kaya ndi akulu anu kaya mnzanu wa ku kwaya, awerenge macheza anu onse kuchokera pa moni woyamba. Akatha, mulembereni bamboyo kuti malume anu akufuna kuyankhula ndi m'bale wake. Mudzandilembere zimene ayankhe, ndikhala ndikuyang'ana imelo.