Mwafunsa, Tayankha: Kozolec, thandala loumitsira udzu ku Slovenia

Funso: Ndinaona chithunzi cha ku Slovenia, nsanamira zitandandalikana m'dambo, mitanda yopingasa ndi kadenga pamwamba koma popanda khoma. Kodi chimenechi n'chiyani?

Yankho: Chimene munaonacho eni ake amachitcha kozolec. Ndi thandala loimirira loumitsira udzu wa ziweto, mitolo ya tirigu, nyemba ndi chimanga. Si cha lero: wolemba mbiri wina dzina lake Valvasor anachijambula kale m'buku lake la mu 1689. Mvula imagwa kawirikawiri m'dzikoli, makamaka kumapiri a Alps, ndiye udzu woyanika pansi umavumbwa, n'kuda, n'kuola usanaume. Pa kozolec choumitsa ndi mphepo, osati dzuwa.

Funso: Chimamangidwa bwanji, ndipo udzuwo amauika motani kuti usagwe?

Yankho: Nsanamira zimakhala za mtengo wolimba monga oak kapena larch, zotalika mamita anayi kapena kuposa. Mmisiri amaziboola mabowo otsatizana kuchoka pansi kukwera, n'kulowetsamo mitanda yaitali yopepuka, kawirikawiri ya spruce. Kadengako n'kopapatiza, kongokwana kuphimba udzu wapamwamba ndi mitu ya nsanamira.

Pali mtundu wa mzere umodzi, ndiye pali toplar, womwe ndi mizere iwiri yolumikizidwa ndi denga limodzi lalikulu. Toplar ndi wokoma m'maso ndithu: pansi pamaima ngolo ndi zipangizo, pamwamba pali chipinda chosungiramo udzu wouma, kutsogolo matabwa osemedwa maluwa. Wotchuka ndi wa banja la Simončič m'mudzi wa Bistrica, womangidwa mu 1936. Ku Šentrupert, kufupi ndi komweko, anatsegula malo oonetserako ma kozolec 19 mu 2013, ndipo wakale kwambiri pamenepo ndi wa mu 1795.

Tsono kaikidwe ndiye pagona luso. Udzu wongomweta kumene umakhala ndi madzi pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kulemera kwake, choncho amayamba ausiya ufote. Kenako amayambira mtanda wapansi. Munthu amatenga chifukato chimodzi, n'kuchikoleka pamtanda kuti chilendewere mofanana uku ndi uku, n'kupitiriza mpaka mzere utadzaza. Mzere wapamwamba umagwera pa wapansi ngati mafoleredwe a denga, moti mvula yowomba cham'mbali imangotsetsereka kunja osalowa mkati. Pofika mitanda yam'mwamba, mmodzi amaima pakabenchi kokoleka pamitanda, mnzake ali pansi n'kumamupatsira ndi foloko yaitali. Mukapisa dzanja mkati mwa udzu woikidwa bwino mumamva kamphepo kozizira.

Funso: Nanga chimalakwika n'chiyani?

Yankho: Cholakwika chachikulu n'kupanikiza. Udzu wothinitsidwa umauma kunja kokha, mkati muli chuku, ndipo ng'ombe zimaukana kapena kudwala nawo. Choopsa koposa n'kuutsitsa msanga. Udzu wosungidwa uli ndi chinyezi choposa 20 peresenti umatentha wokha pamulu, ndipo ukadutsa madigiri 70 ukhoza kuyaka moto. Poyesa, solorani wapakati n'kuupotokola: wouma umalira tswatswa n'kuthyoka, wauwisi umangopindika.

Mphepo yomwe imaumitsayo ndiyonso imagwetsa. Kozolec wa mzere umodzi akadzaza amasanduka khoma, n'chifukwa chake nsanamira amazichirikiza ndi mitengo yopendeka, ndipo mchirikizo umodzi ukaola chimphepo chimagwetsa mzere wonse.

Kuola kumayambira malo awiri: patsinde, pomwe mtengo wakhudza dothi, ndi m'mabowo a mitanda ngati denga likudontha. Pa toplar nsanamira amazikhazika pamwala kuti zisayamwe chinyezi, ndipo alimi ambiri anasintha n'kuika za konkire. Masiku ano udzu wambiri umakulungidwa m'mapulasitiki ndi makina, kozolec n'kungokhala wopanda ntchito. Zimatimvetsa chisoni, chifukwa mwini wake akaleka kukwerapo sadziwanso kuti denga labooka, ndipo madzi akangolowa m'mabowo, mitanda imayamba kugwa umodziumodzi.