Obwera kumene ku Cape Town, kaoneni doko lakale

Abale amene mwangofika ku Cape Town, ambiri a inu mudzayamba kumva za Waterfront, dera la mashopu, malesitilanti ndi mahotela la padoko lakale, chifukwa cha ntchito. Wina akuti kumalesitilanti akufuna otsuka mbale, wina akuti kuhotela kuli malo. Zimenezo zimachitikadi, koma tsiku lina mukapuma pa ntchito, pitaniko mulibe makalata ofunsira ntchito m'manja. Kulowa n'kwaulere, ndipo palibe amene adzakufunseni kuti mwagula chiyani.

Anthu amathera tsiku lonse m'mashopu osadziwa kuti ali padoko lenileni. Ntchito yomanga inayamba mu 1860, pamene Prince Alfred, mwana wa Mfumukazi Victoria, anakhuthula miyala yoyamba ya khoma lotchinga mafunde, chifukwa namondwe wa nyengo yozizira ankaswa sitima zambiri mu Table Bay. Mwana wa mfumuyo anangoyambitsa n'kumapita. Miyala yotsalayo anasenza ndi akaidi. Ndende yawo ya Breakwater ilipobe chakumtunda pang'ono, ndipo lero muli sukulu ya zamalonda ya University of Cape Town. Alfred Basin, gawo loyamba la dokoli, inatsegulidwa mu 1870. Sitima zitayamba kukula, katundu wambiri anasamukira ku doko latsopano la Duncan Dock, mbali yakaleyi n'kukhala bwinja mpaka 1988, pamene anayamba kuisandutsa malo a alendo.

Koma doko silinafe. Mukaima pafupi ndi Clock Tower, nsanja yofiira ya mu 1882, mudzaona maboti a asodzi akulowa, ndipo kamlatho ka oyenda pansi kamakhotera pambali kuti adutse. Musakwiye kakakuchedwetsani. Ine ndimakonda mbali imeneyi kuposa kumene kuli nyumba zagalasi zodula, zomwe zikungochuluka chaka ndi chaka pomwe ogwira ntchito mmenemo amagona kutali, ku Dunoon kapena ku Philippi.

Nkhokwe yaikulu imene ankasungiramo chimanga chotumiza kunja anaiboola mkati n'kuisandutsa Zeitz MOCAA, nyumba yoonetseramo luso la anthu a mu Africa, yomwe inatsegulidwa mu 2017. Nzika za mayiko a mu Africa zakhala zikulowa ulere Lachitatu m'mawa, choncho tengani pasipoti yanu, muyang'anenso pa intaneti musananyamuke. Pa Nobel Square pali ziboliboli za Luthuli, Tutu, De Klerk ndi Mandela, omwe analandira mphoto ya mtendere ya Nobel. Kujambulitsa pamenepo sikulipiritsa.

Za ndalama tsopano. Chakudya cha m'malesitilanti oyang'ana kunyanja ndi cha anthu obwera ndi madola. Gulani buledi ndi zakumwa m'supamaketi ya mkati mwa Victoria Wharf, mukadyere pabenchi panja, koma samalani ndi mbalame za kunyanja, zimatsomphola chakudya m'manja. Basi ya MyCiTi imafika konko, koma salandira ndalama zapamanja, mufunika khadi la myconnect.

Boti lopita ku Robben Island limanyamukira pa Nelson Mandela Gateway. Ife akunja timalipira zambiri kuposa eni dziko, ndipo nyanja ikalusa ulendo amauimitsa, ndiye musalonjeze mlendo wochokera kumudzi kuti mawa mupita ndithu. Juzi nyamulani ngakhale mu Disembala. Mphepo ya kuno si mwera wa ku Nkhata Bay umene munauzolowera, imachokera pamadzi ozizira kwambiri ndipo madzulo imalowa mpaka m'mafupa.